Kalata ya Yeremiya kwa Okhala Kuchilendo: Munda, Banja ndi Mzinda

Kuwerenga kwa m'Baibulo: Yeremiya 29:1-14

 Lero maso athu tiwalozetsa ku Montana, dera la kumpoto kwa mzinda wa Pretoria, kuseri kwa phiri la Magaliesberg. Msewu waukulu wodutsa m'derali kale unkatchedwa Zambesi, dzina la mtsinje umene Shire amathiramo madzi ake, ndipo mu 2012 unapatsidwa dzina la Sefako Makgatho. M'mbali mwa msewu umenewo, m'mawa uliwonse, mungamve Chichewa chikulankhulidwa. Akuchilankhulawo ndi abale athu osamalira maluwa m'nyumba za anthu, amayi ogwira ntchito zapakhomo, alonda apazipata, ndi anyamata operekera chakudya m'malo odyera. Ambiri a iwo amadzuka kusanache kuchokera ku Mamelodi, ku Soshanguve kapena ku Hammanskraal. Uthenga uwu ndi wawo, komanso ndi wa inu amene munatsala kumudzi mukudikira foni yawo.

Ndikupemphani kuti mutsegule Mabaibulo anu ndi kuwerenga nokha ndime yonseyi musanapitirire.

Kalata yopita kwa anthu osamasula katundu

M'chaka cha 597 Khristu asanabadwe, Nebukadinezara mfumu ya ku Babulo anatenga Yekoniya mfumu ya Yuda, pamodzi ndi mayi wake, akalonga, amisiri ndi osula, napita nawo kudziko lake. Anthu amenewa atafika ku Babulo sanafune kukhazikika. M'mutu 28 tikumva za mneneri wonama, dzina lake Hananiya, amene analengeza ku Yerusalemu kuti pasanathe zaka 2 goli la Babulo lidzathyoka ndipo onse adzabwerera kwawo. Ku Babulo komweko kunalinso aneneri ena olalikira zomwezo. Motero andende aja anakhala ngati munthu wodikira basi, amene samasula katundu wake ndipo sadzala kanthu.

Pamenepo Yeremiya analemba kalata, naipatsira Elasa ndi Gemariya, amithenga a mfumu Zedekiya. Uthenga wake unali wolemera kuumva: ukapolo udzatha zaka 70. Tsono Yehova anawalamula zinthu zitatu. Choyamba, amange nyumba, alime minda ndi kudya zokolola zake. Chachiwiri, akhale ndi mabanja, abale ana, asachepe. Chachitatu, afunire zabwino mzinda umene akukhalamo ndi kuupempherera, chifukwa mtendere wawo unamangirizidwa pa mtendere wa mzindawo.

Tisaiwale kusiyana kumene kulipo. Ayuda anatengedwa mokakamiza monga chilango cha machimo a mtundu wawo, pamene ambiri a ife tinachoka tokha chifukwa cha njala, kusowa kwa ntchito ndi fizi ya ana. Kukhala kunja si chizindikiro chakuti Mulungu wakukwiyirani. Koma yesero lathu ndi lomwe lija la ku Babulo. Ndi angati amene potsazika ananena kuti, "Ndingopita zaka ziwiri, ndikapeze za malata"? Anadutsa pa Mwanza, nawoloka Zambezi pa Tete, nadutsa Nyamapanda ndi Beitbridge, ndipo lero papita zaka 10 kapena 15. Agogo athu anayenda ulendo womwewu m'masiku a Wenela, mpaka mu 1974 pamene ndege yonyamula ogwira ntchito m'migodi inagwa ku Francistown n'kupha anthu oposa 70, ndipo Dr. Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu a ku migodi. Munthu amene amati mawa ndibwerera amazengereza chilichonse. Thupi adzalisamala akakafika kwawo, ana adzawadziwa akakafika kwawo, Mulungu adzamtumikira akakafika kwawo. Kalata ya Yeremiya ikutiuza kuti Mulungu akufuna kumvera kwathu lero, pamalo pomwe tili.

Choyamba: limani ndi kudya

Onani, mbale wanga, kuti Mulungu anayamba ndi denga ndi chakudya. Iye amene anaumba thupi amasamala za thupi. Mneneri Eliya atatopa mpaka kupempha imfa, pa 1 Mafumu 19, mngelo anayamba wamupatsa mkate ndi madzi ndi kumulola kuti agone, ndipo mawu a Yehova anadza pambuyo pake. Paulo pa 1 Akorinto 6:19-20 akutikumbutsa kuti thupi la wokhulupirira ndi malo okhalamo Mzimu Woyera, ndiponso kuti mwini wake ndi Iye amene analigula. Wogwira ntchito m'nyumba ya mwini amadziwa kusamala katundu amene si wake. Thupi lanu ndi katundu wotere.

Tsono tiyeni tilankhule zoona za mbale yathu ya kuchilendo. Kumudzi tinakulira nsima ya mgaiwa, nyemba, nandolo, usipa, nkhwani wotendera, bonongwe ndi chisoso. Tinkayenda pansi kupita kumunda, kuchigayo ndi kutchalitchi. Titafika m'tauni tinayamba kuyesa zakudya zimenezi umphawi. M'mawa ndi magwinya ndi tiyi wa masupuni anayi a shuga, masana ndi kota yodzaza tchipisi ndi soseji, madzulo ndi nyama yokazinga ndi botolo la zozizira zotsekemera. Thupi likafufuma, akumudzi amati wakhuta, zake zikuyenda. Koma kafukufuku wa bungwe la Statistics South Africa anaonetsa kuti mu 2016 ndi 2017 matenda a shuga anali achiwiri pambuyo pa TB pa matenda opha anthu m'dziko lino, ndipo kwa amayi ndiwo anali oyamba. Boma la South Africa linayamba kuchepetsa mchere m'buledi ndi zakudya zina za m'fakitale mu 2016, ndipo mu 2018 linaika msonkho pa zakumwa zotsekemera.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere pa tsiku, kumene kuli pafupifupi kasupuni kamodzi ka tiyi, kuphatikizapo mchere wobisika m'buledi, m'soseji ndi m'timibulu tokometsera ndiwo. Limalangizanso kuti thupi ligwire ntchito yotulutsa thukuta kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata. Wosamalira maluwa amakwanitsa zimenezi pantchito pake, koma mlonda wokhala pampando usiku wonse ndi dalaivala ayenera kudzipezera nthawi yoyenda. Mchere wambiri umasunga madzi m'thupi ndi kukweza BP, ndipo BP yokwera imawononga mtima, impso ndi mitsempha ya m'bongo mwakachetechete, munthu osamva kupweteka. Tsiku lina bambo wamphamvu amangogwa, dzanja ndi mwendo zafa, ndipo abale amayamba kuloza chala azakhali kuti amulodza. Kukayezetsa kumatenga mphindi zochepa chabe. Ngati nambala zikufika pa 140 ndi 90 kapena kupitirira mobwerezabwereza, kaonaneni ndi achipatala.

Danieli anali mmodzi wa otengedwa kupita ku Babulo komweko. Anapatsidwa chakudya cha pagome la mfumu, koma iye ndi anzake atatu anapempha zamasamba ndi madzi kwa masiku 10. Chimene ankafuna makamaka chinali kusadzidetsa pamaso pa Mulungu, komabe tikuphunzira kwa iye kuti mlendo ali ndi ufulu wosankha choika m'kamwa mwake. Bonongwe amene mukumunyoza, anansi anu olankhula Sepedi ndi Setswana amamutcha thepe ndipo amamudya mokondwa. Ngati mulibe munda, thumba lakale la ufa kapena tayala lotha likhoza kukupatsani mpiru ndi tomato kuseri kwa chipinda chanu.

Ndinenenso za mankhwala. Alipo abale amene anayamba ma ARV kapena mankhwala a TB kwawo, ndipo atawoloka malire analeka chifukwa cha manyazi kapena mantha a mapepala. Kuleka kumapatsa mphamvu kachirombo, ndipo mankhwala omwewo akhoza kusiya kugwira ntchito. Pochoka tengani kalata ya kuchipatala chanu ndi kabuku kanu ka zaumoyo. Gawo 27 la malamulo aakulu a South Africa limapereka kwa munthu aliyense ufulu wofikira chithandizo cha zaumoyo, ndipo limaletsa kukaniza munthu chithandizo pa ngozi. N'zoona kuti pamakomo a zipatala zina alendo akhala akubwezedwa ndi magulu a anthu, koma musataye mtima n'kukhala m'nyumba mpaka matenda atakula. Ndipo wina akakuuzani kuti tayani mankhwala kuti muonetse chikhulupiriro, kumbukirani Hananiya, amene analankhula zokoma m'dzina la Yehova koma sanatumidwe. Luka, mnzake wokondedwa wa Paulo, anali sing'anga.

Za mowa wa pa mapeto a mwezi sindichulukitsa mawu. Nokha mukudziwa kuti botolo silichotsa kusungulumwa, ndipo limameza fizi ya mwana, chiwindi cha bambo ndi ulemu wa banja nthawi imodzi.

Chachiwiri: musaiwale tsinde

Pafupi ndi Montana, m'tsinde mwa phiri la Magaliesberg, pali mtengo wotchuka wa mtundu wa mkuyu wotchedwa Wonderboom, umene akatswiri amati wakhala zaka pafupifupi 1,000. Nthambi zake zinakula mpaka kugwera pansi, ndipo pamene zinakhudza nthaka zinamera mizu n'kusanduka mitengo yatsopano mozungulira mayi wawo. Ukaima patali umaona mtengo umodzi, ukalowa pansi pake umapeza mitengo yambiri. Banja la wapaulendo liyenera kukhala lotero. Mwamera mizu ku Pretoria, ndipo zimenezo n'zabwino, koma munachokera pa tsinde limene likadali ku Ntcheu, ku Katete kapena ku Angonia.

Makolo athu anali ndi dzina la munthu wodula nthambi yake: ankamutcha mtchona. Ambiri mwa matchona sanali anthu oipa mtima. Ntchito inatha, ndalama inasowa, manyazi anakula, ndipo mwezi wosalemba kalata unasanduka zaka 20. Lero tili ndi WhatsApp ndi Mukuru, koma utchona sunathe. Alipo amene amatumiza ndalama mwezi uliwonse koma sadziwa kuti mwana wawo ali sitandade chani. Aliponso amene anayamba banja lina kuno osauza mkazi amene akusamalira amayi awo kumudzi.

Mbale wanga, taganizani za anthu amene akulipira mtengo wa ulendo wanu. Agogo a zaka 70 akudzuka m'mamawa kuphikira phala ana anu. Mkazi wanu akulima yekha, akupita yekha kumaliro a kwanu, akugona yekha ndi mwana wodwala malungo. Mlongo wanu anagulitsa mbuzi kuti mupeze ya basi. Kodi munayamba mwawaimbira foni popanda nkhani ina iliyonse, kungonena kuti zikomo? Akuluakulu anati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Pa Marko 7 Ambuye Yesu anadzudzula anthu amene ankati chuma chawo anachipereka kwa Mulungu pofuna kuzemba kuthandiza makolo, ndipo pa 1 Timoteo 5:8 Paulo akuti wosasamala a pabanja pake wakana chikhulupiriro. Yosefe atakwezedwa ku Igupto anatumiza magaleta ndi chakudya kwa Yakobo, komanso anapita yekha kukakumana ndi bambo wake ku Goseni, namukumbatira ndi misozi. Makolo amafuna zonse ziwiri: chakudya ndi nkhope.

Tsono ndilankhule ndi inu otsala kumudzi. Kuyamika kuyenera kuyenda mbali zonse ziwiri. Ndalama imene mumalandira pafoni ija siithothoka mumtengo. Mwana wanu amagona m'kachipinda ka malata, m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi, nthawi zina osadya masana kuti inu mugule feteleza. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zinthu inakwera ndipo zopempha zanu zinachuluka, koma malipiro ake sanakwere nazo limodzi. Akatumiza za malata, gulani malata. Akaimba foni, yambani mwafunsa za moyo wake musanatchule mavuto. Mwezi umene walephera, muuzeni kuti akadali mwana wanu, pakuti mawu amenewo ndi amene amaletsa munthu kusanduka mtchona. Pa Luka 17 akhate 10 anachiritsidwa, koma wobwerera kudzathokoza anali mmodzi yekha, ndipo iyeyo anali Msamariya, mlendo. Mtima wozolowera kuyamika Mulungu suvutika kuyamika anthu.

Chachitatu: funirani mzinda zabwino

Lamulo lachitatu ndi limene linali lowawa koposa. Babulo ndiye mzinda wa adani amene anawachotsa kwawo, ndipo Mulungu akuti aupempherere. Ndikudziwa kuti ena mwa inu mawu amenewa akukulasani. Mu Meyi 2008 ziwawa zolimbana ndi alendo zinayambira ku Alexandra n'kupha anthu 62, ndipo mu 2015 mabasi ananyamulanso abale athu ambiri kubwerera nawo kwawo ali chimanjamanja. Mabala amenewo ndi enieni. Komabe m'masiku omwewo nzika zina za dziko lino zinabisa alendo m'nyumba zawo, ndipo mipingo inatsegula makomo ake. Tchalitchi cha Central Methodist ku Johannesburg chinagoneka anthu zikwizikwi othawa kwawo kwa zaka zingapo.

Ngongole ya chikondi pakati pa mayiko athu ndi yakale. Atumiki a Mulungu ochokera ku South Africa anafika ku Mvera mu 1889, ku Nkhoma mu 1896, ndi ku Magwero pafupi ndi Chipata mu 1899. William Murray anatsogolera ntchito yomasulira Baibulo limene ambiri a ife tinakulira, lomwe linatuluka mu 1922. Kuchokera mbali yathu, Clements Kadalie wa ku Chifira m'boma la Nkhata Bay, wophunzira ku Livingstonia, anayambitsa bungwe la anthu apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919, nalimbikira ufulu wa anthu amene sanali a mtundu wake. Makolo anati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa.

Chifukwa chimene Yehova anapereka n'chosavuta kuchimva: mzinda ukadwala, mlendo amadwala nawo. Mu Meyi 2023 kolera inabuka ku Hammanskraal n'kupha anthu oposa 20, ndipo sinafunse munthu chiphaso. M'nyengo yomweyo, kuyambira mu 2022, kolera inapha anthu oposa 1,700 ku Malawi. Madzi oipa, zinyalala ndi umbava zimagwera nzika ndi mlendo mofanana. Choncho kusesa msewu wanu, kuwiritsa madzi akumwa ndi kuphunzitsa ana kusamba m'manja ndi sopo ndi mbali ya kumvera kalata ya Yeremiya.

Mwina mukuti, ine ndilibe kanthu, ndipereka chiyani? Muli ndi manja odziwa kulima: thandizani sukulu ya mkaka kapena tchalitchi cha m'dera lanu kuyamba dimba la ndiwo. Muli ndi magazi: mabungwe a SANBS ku South Africa ndi MBTS ku Malawi amafuna anthu athanzi opereka magazi, ndipo botolo limodzi likhoza kupulumutsa mayi wotaya magazi pobereka. Muli ndi chilankhulo: perekezani m'bale wongofika kumene kuchipatala ndi kumumasulira. Pa 18 Julayi anthu a dziko lino amapereka mphindi 67 kutumikira anzawo pokumbukira Nelson Mandela, ndipo Mkhristu asasowe pamenepo, ngakhale kuti kwa iye tsiku lililonse ndi lotumikira. Magulu athu a chipereganyu ndi a maliro achita zazikulu potumiza mitembo kwawo. Bwanji magulu omwewo osasonkhanso za amoyo, monga fizi ya mwana wamasiye kapena kukonza mjigo wa kumudzi? Namondwe wa Freddy atakokolola nyumba ku Chilobwe, ku Mulanje ndi ku Phalombe mu Malichi 2023, ambiri okhala kunja anasonkha zovala ndi ndalama. Mtima umenewo usadikire tsoka. Kupatsa n'kuika.

Koposa zonse, perekani ntchito yokhulupirika. Mfungulo za nyumba ya abwana zikakhala m'manja mwanu, dzina la Khristu ndi dzina la dziko lanu zili m'manja momwemo. Ndipo inu a kumudzi, kumbukirani kuti nanunso muli ndi alendo. Malawi anasunga anthu pafupifupi 1 miliyoni othawa nkhondo ya ku Mozambique, ndipo msasa wa Dzaleka ku Dowa wakhala ukulandira othawa kwawo kuyambira 1994. Chimene mukufuna kuti mwana wanu achitiridwe ku Pretoria, muchitireni mlendo wa pamsika panu.

Gwero la mphamvu

Okondedwa, zinthu zitatu izi sizigula chipulumutso. Munthu akhoza kudya bwino, kutumiza ndalama kwawo ndi kupereka magazi, koma n'kukhalabe wotayika. M'ndime 10 mpaka 14 Yehova akuwatsimikizira andende kuti sanawaiwale, kuti zolinga zake pa iwo n'zabwino, ndiponso kuti adzampeza akamufuna ndi mtima wosagawanika. Lonjezo limeneli linaperekedwa kwa anthu amene ambiri a iwo anafera ku Babulo zaka 70 zisanakwane. Chuma chawo chenicheni chinali Mulungu mwini, amene anali nawo m'dziko lachilendo.

Ambuye Yesu anasiya ulemerero wa kumwamba nadzakhala mlendo pakati pathu. Ali khanda anathawira ku Igupto. Anachiritsa matupi a odwala, ali pamtanda anapereka mayi wake m'manja mwa Yohane, ndipo analirira Yerusalemu, mzinda umene unamupha. Anafa chifukwa cha machimo anu ndi anga, nauka tsiku lachitatu, kuti ife amene tinali matchona pamaso pa Atate tilandiridwenso kwathu. Ngati simunamulandire, lapani ndi kumukhulupirira lero, pomwe mulipo. Ngati muli wake kale, sabata ino isathe musanachite zinthu zitatu: kayezetseni BP ndi shuga, imbirani foni munthu amene akusenza katundu wanu kumudzi ndi kumuthokoza, ndipo pemphererani mzinda wanu poutchula dzina.

Tiyeni tipemphere.

Atate wathu wakumwamba, tikukuthokozani chifukwa cha matupi amene munatibwereka, makolo amene anatilera, ndi mizinda imene ikutidyetsa. Tikhululukireni pamene tawononga thupi, taiwala abale, ndiponso tasunga chidani. Sungani ana anu ogwira ntchito ku Montana ndi ku Pretoria konse, limbikitsani agogo ndi amayi otsala ndi ana, ndipo bwezani amene anatayana ndi kwawo. Patsani mtendere South Africa, Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe. Tapempha m'dzina la Yesu Khristu, Ambuye ndi Mpulumutsi wathu. Amen.

Mulungu akudalitseni mpaka tidzakumanenso m'phunziro lotsatira.